Kabuku kaja musamataye limodzi ndi katoni

Akonzi,

Ndiloleni kadanga mu nyuzipepala yathuyi ndiyankhuleko za kanthu kamene ena aziona ngati nkopanda mutu poyerekeza ndi mitengo ya chimanga ndi mizere ya mafuta, koma ine kandisowetsa tulo miyezi itatu yathunthu ndipo ndikangokhala chete ndiye kuti ndadya ndekha. Ndikunena za timabuku tija timapezeka m'katoni tikagula wailesi, foni kaya kachipangizo kalikonse, tija timataya tisanatsegule nkomwe, mwinanso amayi nkukolezera mbaula.

Achemwali anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, nde December wathayu atabwera pa basi ndi zikwama zija za ku Joni mukuzidziwa, mkati mwa zovala za ana munali kabokosi kamene abwana awo anawapatsa pokonza m'nyumba, ati angotaya kaya apatse munthu. Titatsegula tinapeza kachitsulo kosalala kukula kwake ngati paketi ya makhadi a njuga, kutsogolo kasikirini ndi kabwalo kozungulira, kumbuyo kowala ngati kalilole kolembedwa iPod 80GB, chingwe chake choyera, komanso buku lachingerezi lonenepa ndithu lodzaza ndi zithunzi, lija lochita kugula palokha ku shopu ya mabuku moti kapepala ka mtengo wa marandi kanali kakadali pachikuto. Ana atangokaona anayamba kuseka, eti amalume ichi nchamakedzana, foni imapanga zonsezi. Palibe anakafuna. Ine ndinakatenga chifukwa cha ababa.

Ababa ali ndi zaka 78, ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Ntcheu, ndipo moyo wawo onse m'mawa uliwonse amayamba ndi Baibulo kenako nyimbo za kwaya, koma ng'ala inawagwira maso moti zilembo zing'onozing'ono saziona, amangoona zikuluzikulu zolemba ndi maka. Tinayesa kuwaikira zomvetsera mu foni koma abale foni ya tachi ndi munthu wamkulu osaona bwino ndi mavuto okhaokha, angofuna kukweza mawu apezeka aimbira munthu ku Lilongwe mayunitsi onse phyu, ndiponso foni pakhomo si ya munthu m'modzi, adzukulu abwereka, ipite kotchajitsa pa trading centre ibwere madzulo. Kawailesi kawo ka memory card nako kalibe sikirini, kuti mupeze Masalimo 121 muyenera kubofya batani lopita kutsogolo mpaka chala kuwawa, mukadumphitsa pang'ono muyambirenso. Nde ndinati kachitsulo aka kalibe WhatsApp, sikafuna netiweki, sikafuna bandulo, palibe mdzukulu angakasilire, mwina nkumene kangawathandize.

Apa nde ndiulule uchitsiru wanga. Buku lija ndinaliponya pamwamba pa kabati. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku Balaka, kompyuta ndimaigwira tsiku ndi tsiku, nde mumtima ndinkati kanthu ka mabatani asanu kangandivute chani ine. Ndinakatchaja usiku onse, m'mawa kubofya apa, kubofya apo, zii, kangoonetsa kachithunzi ka loko basi. Ndinapita nako kwa mnyamata wina wokonza mafoni, anakatembenuza kawiri nkunena kuti madala apa nde batire yapita, nkuyamba kusaka sikuludiraiva kuti akakanule. Mwayi wake anatchula mtengo okwera ndinakana. Mlungu wathunthu kali mu dirowa, kenako tsiku lina magetsi atathima ndilibe chochita ndinatsitsa buku lija kungofuna kuona zithunzi, ndipo pa masamba oyambirira penipeni panali chithunzi cha kabatani kotsetsereka kali pamwamba pafupi ndi polowetsa mahedifoni, kolembedwa Hold, eti kakaonetsa mtundu wa olenji ndiye kuti mabatani onse atsekedwa kuti asamabofyeke okha m'thumba. Ndinakakankha ndi chikhadabo, kanthu kaja nkuyamba kumvera. Ndinadziseka ndekha mumdima muja mpaka mayi akunyumba kufunsa kuti kodi mwayamba misala. Safunsa anadya phula, ine ndinatsala pang'ono kudya la ndalama zokonzetsera chinthu chamoyo.

Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo? Ayi ndithu, ndinatsekanso buku nkuthamangira kwa anyamata obana nyimbo kumsika. Mnyamatayo analumikiza pa kompyuta yake, kanaoneka ngati fulashi, iye nkukokera mafoda a makwaya ndi Baibulo lomvetsera mkatimo ngati m'mene amachitira ndi memory card iliyonse, ndinalipira K3,000 nkumapita ndikuimba mluzu. Kufika kunyumba kutsegula pa Music, mulibe olo imodzi ya zimene ndalipira, muli nyimbo zachizungu za abwana a achemwali zokhazokha. Kubwerera mawa lake iye akundionetsa pa kompyuta kuti si izi madala zilimo, ndipo shuwa zinalimo, koma kachitsulo sikakuziona. Tinakangana mpaka anthu kutiunjirira, iye akuti chinthu chanu nchakufa, ine ndikuti wandibera, pomwe tonse awiri tinali osadziwa kanthu.

Usiku umenewo nde ndinakhala pansi ndi buku, dikishonale pambali, pensulo m'manja ngati mwana wa Fomu 4, ndipo mutu wachitatu unandimasulira zonse. iPod siimba nyimbo zongoponyedwamo. Imafuna pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa iTunes, imene imalowetsa nyimbo nkulembanso kaundula wake mkatimo, ndipo kachitsuloko kamawerenga kaundulayo basi, chimene sichinalembedwe m'kaundula kwa iko kulibe olo chitadzaza malo. M'mene ndinawafotokozera ababa ndinati kompyuta ndi nkhokwe, iPod ndi dengu lokatapira, ndipo dengu limeneli limadziwa nkhokwe imodzi, mukapita nalo ku nkhokwe ya eni limayamba lakhuthula zimene lanyamula kenako nkutapa zakumeneko. Iwo anamva pompo, anangoti oho ndiye lisamayendeyende.

Sikuti buku linandipatsa zonse pambale ayi. Linalembedwa kalekale, zithunzi za iTunes zili m'menemo ndi iTunes imene ndinadawunilodi pa laputopu yanga yakutha ija zikusiyana, batani limene buku likuti lili kumanzere ine ndikulipeza pamwamba litabisala kuseri kwa kachithunzi kakang'ono, nde pena ndimatha theka la ola kusaka chinthu chimodzi. Koma dzina la chinthu ukalidziwa umachipeza ndithu, vuto ndi pamene sukudziwa nkomwe kuti chimene ukusakacho chilipo. Anzanga kuntchito amati bwanji osangoonera pa YouTube, ndinayesa, bandulo inatha munthu akadali kupereka moni ndi kupempha kuti timutsatire, komanso akuyankhula mothamanga Chingerezi cha m'mphuno, pomwe buku limakudikira, ubwerere tsamba lomwelo kasanu silidandaula, magetsi athime uyatsa tochi nkupitiriza, ndipo m'mbalimbali umalembamo zako.

Kumayambiriro kwa buku kunali kambiri kake kamene kanandikumbutsa kutali. Kampani ya Apple inatulutsa iPod yoyamba pa 23 October 2001, amene anaionetsa kwa anthu anali Steve Jobs, inali ya 5GB yokwana nyimbo 1,000 ndipo mtengo wake unali madola 399. Nthawi imeneyo ife kuno tinali pa makaseti, amene anali ndi Walkman, kaja Sony inayamba kupanga mu 1979, anali bwana pa sukulu, ndipo tonse timakumbukira kuzunguza kaseti ndi bolopeni posunga mabatire, tepi ikatafunidwa kulumikiza ndi selotepi. Yathuyi ndi mtundu wa classic umene unabwera mu 2007, ndipo pondifufuzira mwana wa achemwali anapeza kuti mtundu umenewu anasiya kupanga mu 2014, kenako mu 2022 anatsekeratu dzina lonse la iPod. Ndiye kuti kachipangizo kathu ndi kamasiye. Koma si zachilendo, dziko lathu lino nkumene katundu wambiri amadzathera moyo wake, zovala za pa kaunjika, magalimoto a ku Japan okhala ndi wailesi yolemba Chijapani chokhachokha mwini wake osadziwa olo posinthira nthawi, mafiriji, ma laputopu, zonse zimafika zili zokhazokha buku linatsala kutsidya kwa nyanja. Ine ndinangochita mwayi kuti abwana aja anali osunga zinthu.

Ntchito yeniyeni inali yokonza maina. Izi palibe anandiuzapo chibadwire, kuti fayilo iliyonse ya MP3 ili ndi timizere tobisika mkati momwe mumalembedwa dzina la nyimbo, oimba, chimbale ndi nambala yake, ndipo iPod imasanja potengera timizere timeneti, dzina limene mumaliona pa foda ilibe nalo ntchito. Tsono nyimbo zochokera kobana mukudziwa m'mene zimakhalira, ina yalembedwa Track 01, ina Unknown Artist, ina m'malo mwa oimba muli dzina la shopu yobanayo ndi nambala ya foni ya mwini wake, nde kulowetsa choncho ndi chimodzimodzi kuthira nyemba, mtedza ndi chimanga m'thumba limodzi. Ndinakhala mausiku ambiri ndikulemba imodziimodzi, kwaya yakuti, chimbale chakuti. Musanandinene akonzi, makwaya ambiri ndinachita kukopera kuchokera pa ma CD amene ababa anagula okha ku misonkhano ya mpingo zaka zapitazo, buku linandiphunzitsanso zimenezo, ungolowetsa CD pulogalamu ija imasandutsa yokha, nde a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, asandisake, oimba aja anadya kale ndalama yawo.

Baibulo nde linandionetsa zakuda. Lili ndi mabuku 66, machaputala 1,189, ndipo chaputala chilichonse ndi fayilo payokha. Nditalowetsa koyamba Genesis anayenda chonchi, chaputala 1, kenako 10, 11, 12 mpaka 19, kenako 2, kenako 20. Ababa akumvetsera dziko likulengedwa, mwadzidzidzi ana a Nowa abalana kale chigumula sichinabwere, anavula mahedifoni nkundifunsa kuti kodi iwe Baibulo limeneli ndi la mpingo uti. Chifukwa chake nchakuti makinawa pamene sanauzidwe nambala amasanja ngati zilembo, amaona 1 woyambirira yekhayo, nde pamafunika kulemba 01, 02, 03, ndipo ku Masalimo popeza alipo 150 muyambe ndi 001. Kanthu kakang'ono koma kopanda kukadziwa mutha kutaya chipangizo nkumati nchosokonekera, ndipo ndi matenda omwewo amavuta pa timawailesi ta memory card tija, amene muli nato yesani muone.

China chinali Shuffle. Mdzukulu wina anakhudza penapake kanthu kaja nkuyamba kusakaniza zonse, Lamlungu m'mawa ababa ali pakhonde akumvetsera Yesaya, atangotha kunabwera ng'oma zachizungu, zija zongoti du du du, akuti anadzidzimuka mpaka ndodo kugwa. Buku linandionetsa kuti pa iTunes mukhoza kusankha machaputala onse pakamodzi nkuchonga malo awiri, pena polembedwa Skip when shuffling kuti Baibulo lisamalowe nawo m'chisakanizo, pena Remember playback position kuti akazimitsa pakati pa chaputala mawa ayambire pomwe analekera. Chachiwirichi nchimene ababa amachikonda kuposa zonse, amati kanthu aka kali ndi nzeru kuposa ana a Sande sukulu. Ndinawapangiranso ma playlist, iwo amati bolodi, potengera bolodi lija la kutchalitchi lolembapo manambala a nyimbo za tsikulo, nde pali bolodi la m'mawa, la maliro, la Khrisimasi ndi la Pasaka.

Pa nkhani ya malo musade nkhawa, mphindi imodzi ya nyimbo ya MP3 wamba imadya pafupifupi 1MB, eni ake amati 80GB imanyamula nyimbo 20,000, ife zathu zonse ndi Baibulo lomwe sizinafike olo kota. Masamu amenewa anandithandizanso kuzindikira chifukwa chimene memory card ina imene ndinagula pamsewu yolembedwa 32GB inkataya nyimbo ikangodutsa mazana angapo, inali yabodza, kunja nambala yaikulu mkati kamalo kochepa, ukaidzaza imangolemba pamwamba pa zakale. Ndinkangoti ndi vairasi.

Tsoka lalikulu linabwera mu February. Mnyamata wa achemwali, yemwe uja ankaseka kuti nchamakedzana, ataona kuti mawu ake ndi abwino kuposa a foni yake anakatenga mwakachetechete agogo ake ali kumaliro nkupita nako kwa mnzake wa laputopu kuti akathiremo amapiano ake. Kompyuta inawafunsa funso lachingerezi lalitali, pansi mabatani awiri, iwo osawerenga nkubofya lolembedwa Erase and Sync. Dengu lija linakhuthula. Makwaya onse, Baibulo lonse, mabolodi onse, mausiku anga onse aja, ababa pobwera anapeza muli nyimbo 40 za ku Joni. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera ngati kwagwa zovuta, mnyamata wathawira kwa azakhali ake. Ndikanakhala ine wa December uja bwenzi nditalira nawo, koma nkhokwe inali ili chilili pa laputopu yanga ku Balaka, Loweruka ndinakwera minibasi, kulumikiza, kudikira ola limodzi ndi theka, zonse zinabwerera m'malo mwake mpaka mabolodi omwe. Tsiku lomwelo ndinabwereranso m'buku nkupeza pamene ndinadumpha, pali pochonga polembedwa Manually manage music, mukachonga pamenepo dengu limasiya khalidwe lokhuthula lija, limangolandira zimene mwaikamo ndi dzanja. Mnyamatayo chilango chake ndinamupatsa buku kuti awerenge mutu onse andifotokozere, panopa nde katswiri ndi iyeyo, amandikonza ine.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zopulumutsa. Kakauma osayankha batani lililonse, musathamangire kwa okonza, kankhani Hold uku ndi uku kenako gwirani Menu ndi batani lapakati limodzi masekondi ngati 8 mpaka chithunzi cha apozi chioneke, palibe chimafufutika. Mkati mwake muli ka hard disk kozungulira, mukakaika pakhutu mumamva kakulira pang'ono, nde sikafuna kugwetsedwa ndiponso sikafuna kuzulidwa pa kompyuta kakadali kulemba, muyambe mwakatsanzika pobofya Eject. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno ndinaphunzira kulowetsa nyimbo pokhapokha batire ya laputopu ili yodzaza. Ababa nawo anali ndi nzeru zawo, tsiku lina ndinawapeza atakayanika pa zenera dzuwa lili phwee, ati kumbuyo kowalaku si sola kodi. Buku likunena poyera kuti batire za mtundu umenewu mdani wake wamkulu ndi kutentha, pa dzuwa, m'galimoto yotseka, pafupi ndi mbaula, zimatha mphamvu msanga mwinanso kufufuma.

Tsamba limene ndikufuna makolo onse alimve ndi la makutu. Ababa khutu lakumanzere linayamba kale kuvuta nde ankakweza voliyumu mpaka ine ndili panja kumva nyimbo yotuluka m'mahedifoni mwawo. Mu Settings muli malo otchedwa Volume Limit, mumaika malire nkutseka ndi manambala anayi achinsinsi, olo munthu azunguze bwanji sipadutsa pamenepo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa chomvera zinthu mokweza, ndipo amati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa mlungu pa phokoso la ma decibel 80, mukakweza kuposa apo nthawi yotetezeka imatsika msangamsanga. Taonani ana athu m'maminibasi, pa kabaza, mahedifoni m'makutu tsiku lonse nyimbo ikumveka mpando wachitatu, ndipo khutu likafa ndi phokoso silidzukanso. Chenjezo limeneli limakhala m'timabuku tambiri ta mafoni, tomwe tija timakolezera moto.

Pamapeto pake ndinagula kope la masamba 40 ndi maka wakuda nkulemba buku langalanga m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu zoti ababa aziona, tsamba limodzi nkhani imodzi. Kuyatsa. Kuzimitsa, gwirani batani lapansi mpaka kuthime. Kukweza mawu, yendetsani chala ngati mukupukusa chipere kupita kumanja. Kubwerera m'mbuyo, batani lapamwamba. Kakauma. Kakaonetsa loko. Pa batani loimbitsa ndinamatapo kachidutswa ka pulasitala kuti azikamva ndi chala, ndipo kabwalo kaja kamalira kuti the the the ukamazunguza nde amachita kuwerenga kulirako osayang'ana nkomwe. Kulemba kope limeneli nkumene kunandionetsa kuti kumasulira si masewera, mawu ngati sync ndinakhala nawo masiku awiri, kufananitsa sizikumveka, kulunzanitsa ababa akuti nchani chimenecho, mpaka ndinangolemba kuti kutapa ku nkhokwe. Koma zinatheka, ine kalaliki wamba ndi kope la pa golosale, ndipo panopa akuluakulu anzawo a mpingo amabwera kudzaona, m'modzi anabwereka kope lija kuti mdzukulu wake amulembere lofanana nalo la wailesi yake.

Nde funso langa akonzi ndi ili, ngati ine ndakwanitsa, amene amaitanitsa katunduyu makontena athunthu akulephera chani? Pitani m'mashopu a ku Limbe kaya ku Malangalanga mugule kawailesi ka memory card kamene kali pafupifupi nyumba iliyonse kumudzi, mupezamo kapepala kamodzi kopindapinda, mbali ina Chitchaina mbali ina Chingerezi chothyokathyoka chimene olo mphunzitsi wa Chingerezi sangachimve, zilembo ngati nyerere. Timaseweretsa tina tolembedwa MP4 tija ambiri anatitaya ati sitionetsa mafilimu, pomwe tambiri mwa ito timafuna kanema asinthidwe kaye akhale wa mtundu wa AMV ndi pulogalamu imene imabwera pa ka CD kakang'ono m'katoni momwemo, katoni imene ogulitsa amakufunsa kuti muitenga kapena ndikutayireni. Ku France anakhazikitsa lamulo mu 1994 lakuti malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka katundu ogulitsidwa m'dzikomo azikhala m'Chifalansa, ndipo makampani amamvera chifukwa akufuna msika. Ife tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi a Malawi Bureau of Standards amene amaona za katundu olowa, tili ndi a CFTC oona za chilungamo pa malonda, tili ndi a CAMA amene amatiyankhulira pa mitengo, ndikupempha kuti nkhani iyi ayiganizireko. Sindikunena buku lonenepa ngati langali ayi, tsamba limodzi lokha la Chichewa, kumpoto la Chitumbuka, kwina la Chiyao, lonena kuyatsa, kutchaja, zoyenera kupewa ndi chochita chikavuta. Achinyamata amene anaphunzira zinenero ku Chancellor College ali phwiii m'makwalalamu kusowa ntchito, angailembe sabata imodzi.

Koma ndisanamizire amalonda okha, nafenso tili ndi vuto, ine ndine mboni, buku linali m'nyumba mwanga m'chinenero chimene ndimachimva ndipo ndinaliponya pa kabati kawiri konse. Timaona ngati kuwerenga malangizo ndi kuvomera kuti ndife mbuli, makamaka ife abambo, bola kubofyabofya mpaka chionongeke kenako tiziti katundu wa masiku ano ndi feki, mwinanso kuganizira aneba kuti achilodza. Mnyamata wobana nyimbo uja ndinabwererako kukamupepesa nkumuonetsa tsamba lija, anajambula ndi foni masamba asanu, pano akuti wathandiza kale makasitomala awiri amene anali ndi tizipangizo ngati kathu tili m'madirowa zaka.

Kwa inu akonzi pempho langa ndi lakuti mutipatseko kakona kakang'ono m'nyuzipepala muno, olo kamodzi pa mwezi, kofotokoza m'Chichewa chomveka zinthu ngati izi, kusanja nyimbo pa memory card, kuzindikira khadi yabodza, kusamala batire ya foni ndi ya sola, anthu azidula nkumata pakhoma ngati m'mene timachitira ndi kalendala ya ulimi. Kope langa lija ngati mungalifune ndikhoza kulijambulitsa nkukutumizirani, lili ndi madontho a tiyi koma likuwerengeka.

Komanso ndipemphe nawo awerengi anzanga, makamaka amene muli ku Joni ndi ku UK, chingwe cha kachipangizoka ndi chija cha kumutu kotambalala cha mapini 30, ndipo chathu chayamba kusenda pakhosi moti ndachikulunga ndi tepi yakuda, ndazungulira Balaka yense ndi Ntcheu boma osachipeza, aliyense akungonditulutsira za Type C. Amene muli nacho chili chogona mu dirowa musataye, siyani uthenga kwa akonzi ndidzachipeza, ababa afika pa Yeremiya ndipo akuti akufuna amalize Chipangano Chakale chonse mvula isanagwe.

Wowerenga wanu,
Balaka